Kaundula wa zolemba za tsiku ndi tsiku, kagulu kathu ka ku Harare

Ndinalonjeza kuti ndizisunga kaundula wa ntchitoyi nde ndi ameneyu, ngakhale masiku ena ndadumpha. Kwa amene simukudziwa, tilipo anthu 9, tonse okhala konkuno, ena ku Mufakose ngati ine, ena Mbare, Mabvuku, Epworth, mmodzi ku Dzivarasekwa. Mmawa uliwonse ndili mu kombi kupita mtauni ndimatumiza kamutu kamodzi pa WhatsApp, aliyense alembe mphindi 15 basi, m'Chichewa, pamanja mu kope, usiku ajambule atumize. Tinapangana masiku 30. Mtundu wa cholemba umasintha, lero ndakatulo, mawa kalata, mkuja chilapi, choncho. Mphunzitsi palibe pagululi, ine ndimagwira ntchito mu shopu ya fotokope, kungoti makolo ananditumiza kwa agogo ku Ntcheu ndili wamng'ono ndipo pulayimale ndinaphunzira kumeneko, nde kulemba Chichewa ndinakuona pa bolodi. Anzangawa ambiri Chichewa chawo ndi cha m'kamwa, cha kutchalitchi, cha kumaliro, ndi chokalipiridwa nacho ndi agogo, kusukulu anaphunzira Chishona ndi Chingerezi.

Tsiku 1

Ndinayamba ndi mutu umene ndinkauona ngati wapamwamba zedi: "Kwathu." Liwu limodzi lokha. Mumtima ndinkati anthu akhetsa misozi polemba. Zabwera usiku, aaa, zonse zofanana ngati mabanzi a mu thileyi imodzi. Malawi dziko lokongola, nyanja, chambo, phiri la Mulanje, anthu ansangala. Ndipo ndikudziwa bwinobwino kuti asanu mwa olemba za nyanjawo sanaionepo ndi maso, amangoiona pa kalendala ya kwa azakhali. Mnyamata wa ku Epworth yekha anatumiza mzere umodzi, "kwathu nkuti, mundiuze kaye." Poyamba ndinapsa nazo mtima, ndinati mwano uwu, koma nditagona ndikuganizira ndinaona kuti ndi yekhayo analemba chochokera mwa iye. Wolakwa ndine. Mutu umenewu uli ngati kusenzetsa mwana thumba la ufa la 50 kg, amangoligwira kukona nkumamwetulira.

Tsiku 2

Ndachepetsa. "Chinthu chimodzi chimene chili m'khitchini mwanu pompano, mizere 10, osanena kuti mumachikonda kapena ayi." Apa ndiye zasintha. Amayi a ku Mabvuku alemba za mthiko wawo wopserera mbali imodzi, akuti anaugula ku Mbare Musika, wogulitsa ankati mugoti iwo ankati mthiko, anakangana za dzina mpaka wogulitsayo anaseka nkutsitsa mtengo. Mizere 10 yokha koma msika wonse ndinaumva fungo. Wina walemba za sitovu ya gasi imene imayatsidwa pokhapokha kukabwera alendo. Ine ndalemba za chidebe cha malita 20, chimene kwathu chimalemekezedwa kuposa TV.

Tsiku 3

Mvekero. Ndinawauza kuti nkhani ya mizere 8, mzere uliwonse ukhale ndi mvekero umodzi, monga zii, mbee, psuu, bii, khuu, ndwii, balamanthu, tseketseke. Achinyamata anafunsa kuti mvekero nchiyani, nditati ndi zimene kusukulu kwanu amati nyaudzosingwi onse kuti ooo. Zatuluka bwino kuposa mmene ndinkayembekezera, chifukwa zimenezi munthu amazidziwa ndi khutu, safunika galamala. Kungoti ena alemba "dhuu" ndi "bhaa", dh ndi bh zimenezo ndi za kalembedwe ka Chishona, ife sitilemba choncho. Ndazisiya. Chitseko cha ku Mbare chikamenyeka chimalira mmene chimalirira, sindingachiuze ine.

Tsiku 5

Lero taseka mpaka nthiti kuwawa. Mutu unali wodzifotokoza, zinthu zisanu zimene umatha kuchita. Mtsikana wathu wa Form 3 walemba mwaulemu wake wonse: "Ndimagona kuphika nsima. Ndimagona kuluka tsitsi. Ndimagona masamu." Amalume a ku Mbare, amene ndi akulu pagululi, ayankha kuti mwanawe tulo take totani timeneti, nsimayo siipserera? Mwana sanamve nthabwalayo, chifukwa m'Chishona kugona nkutha kuchita chinthu, tulo ndi kurara. Ndinamuimbira foni kuti asakhumudwe, naye anaseka.

Pompo ndinasintha pulani, mutu wa mawa ndi womwewu.

Tsiku 6

"Mawu amene amamveka chimodzimodzi m'Chichewa ndi m'Chishona koma matanthauzo akusiyana, tengani limodzi mulembe nalo kankhani kapena kandakatulo." Tapeza angapo. Tsamba, kwa ife la mtengo kapena la buku, kwa anzathu ndi kalata. Mudzi, kwa ife kokhala anthu, kwa iwo ndi muzu. Ndiye pali lija loopsa, kuda. Mshona akati ndinokuda ndiye kuti wakufera, ife tikati ndimakuda ndiye kuti usandiyandikire. Achimwene a ku Dzivarasekwa alemba kankhani ka mnyamata wobadwira kuno amene anapita kumudzi koyamba nkukafunsira mtsikana pa mjigo ndi mawu akuti "ndimakuda kwambiri, chionereni dzulo ndakhala ndikukuda," mtsikana nkutula chidebe kuthamangira kukaitana alongo ake. Akuti ndi zopeka. Ine ndakaika.

Koma chimene chinandigwira ndi cha mnyamata wa ku Epworth uja, wa "kwathu nkuti". Anatenga mudzi. Mizere inayi yokha, yonena kuti agogo ake akati midzi amaloza kumpoto, aphunzitsi akati midzi amaloza pansi, iye waima pakati sakudziwa akumbe kapena akwere basi. Taonani, mutu wa tsiku loyamba uja wauyankha pa tsiku lachisanu ndi chimodzi, atalowera khomo la kuseri.

Tsiku 7

Palibe. Magetsi anapita kusanache, foni inazima ndili pamzere wa madzi, mutu sindinatumize. Awiri analemba okha popanda kuuzidwa.

Tsiku 8

Zilapi. Chilape! Nachize! Akuluakulu onse akudziwa chija cha nyumba ya amayi yopanda khomo, dzira, koma lamulo linali lakuti zakale ayi, pekani chatsopano cha zinthu za konkuno. Zabwino zitatu ndi izi.

Ndili ndi mlendo, amafika pakati pa usiku tonse tili mtulo, kukacha wapita. Magetsi.

Ng'ombe ya atate imameza anthu mtauni nkukawalavula ku Mufakose. Kombi.

Agogo anga ali ndi dzanja limodzi, ukawapatsa moni amalira mpaka chidebe kudzaza. Mjigo.

Ndaona kuti zilapi zimene zinakanika zonse zinkafotokoza maonekedwe, chakuti ndi choyera chili ndi mawilo anayi, basi munthu wadziwa kale. Zimene zinagwira zinabisa maonekedwe nkuonetsa khalidwe la chinthucho, ngati ukunena miseche ya munthu wa pa mudzi osamutchula dzina. Chachitatucho ndi cha amayi a ku Mabvuku, mayi amene aja ali ndi dzanja, kungoti amadzikayikira, chilichonse amayamba ndi "pepani sindinaphunzire."

Tsiku 9 ndi 10

Ndinafuna tilaweko za kunja, nde ndinabweretsa haiku, kandakatulo ka ku Japan ka mizere itatu, maphatikizo 5, kenako 7, kenako 5. Ndinkati zophweka, mawu athu maphatikizo ake amawerengeka bwino poti pafupifupi onse amathera ndi a, e, i, o kapena u. Mmm. Vuto ndi lakuti liwu limodzi lathu limanyamula katundu wa chiganizo chonse. Tayesani "sindinamuuze", si-ndi-na-mu-u-ze, asanu ndi limodzi, liwu limodzi lokha lasefukira kale mzere woyamba. Nde mneni aliyense wautali amayenera kutsala panja, umangotsala ndi mayina ndi mvekero, mwamwayi tinali titayeserera kale pa tsiku 3.

Langa ndi ili:

Magetsi zii
kandulo watha theka
nyemba zosapsa

Pamenepa panabuka mlandu. Amalume akuti zii ndi phatikizo limodzi, ndiye mzere wanga uli ndi anayi, ndaba. Ine ndikuti awiri, taimbani m'manja mumve. Wina nkufunsa kuti nanga mtengo, awiri kapena atatu? Amenewo ndi atatu, m-te-ngo, m uja amaima payekha poti ndi mu wofupikitsidwa, koma nyemba ndi awiri basi. Usiku wonse anthu akuluakulu a ana awo kumatumizirana mavoisi akuwomba m'manja ngati ana a sitandade 1. Tinawonjezera tsiku lachiwiri chifukwa palibe amene anafuna kugonja. Ambiri analemba za jakaranda poti ino ndi nyengo yake, mu msewu wa Leopold Takawira monse muli bii ndi maluwa ogwa, kapena ndinene kuti chiyani, mtundu umenewu mvekero wake sitinaupeze. Kunena zoona haiku si mtundu umene ndingaukonde, umandipanikiza ngati nsapato ya mwana, koma waphunzitsa anthu kumvetsera liwu asanalilembe, nde sindinong'oneza bondo.

Tsiku 12

Sewero lalifupi. Anthu awiri, mawu olankhula okhaokha, wofotokoza asalowererepo. Malo ake mu kombi kapena pa renki. Funso linabwera msanga: nanga poti mu kombi anthu amalankhula Chishona, timasulire? Ndinati lembani mmene khutu lamvera, hwindi akhale hwindi, musamusandutse kondakitala wa ku Limbe. Achimwene a ku Dzivarasekwa anatenga nkhani ija tonse tikuidziwa, yosowa chenji, hwindi nkupatsa anthu awiri osadziwana dola imodzi kuti mukagawane kunjako, ati wakukwatitsani. Mwa iwo okwatitsidwawo ndi nkhalamba ziwiri, mayiyo nkung'ung'udza m'Chichewa osadziwa kuti mdalayo akumva.

"Ndiye tigawana bwanji dola imeneyi mayi, tiing'ambe?"
"Mukang'amba mundipatse mbali ya nkhope."
"Malankhulidwe anuwo, kwanu nkuti?"
"Ku Mufakose."
"Ayi, kwanu kwenikweni."
"Ukwati wa mphindi zisanu mwayamba kale kufunsa za kumudzi?"

Ena onse masewero awo anthu ankalankhula ngati akuwerenga chikalata kukhoti, aliyense kumaliza chiganizo chake bwinobwino mnzake akudikira mwaulemu. Anthu salankhula choncho. Homuweki: mawa mu kombi foni m'thumba, makutu kunja.

Tsiku 14

Apa ndinalakwitsa ndipo ndikulemba kuti ndisadzaiwale. Ndinapereka mutu wofotokoza gule, poti kuno anthu ambiri akamva za ife chimabwera m'mutu mwawo ndi chimenecho, zvigure, ena mwamantha ena monyoza, nde ndinkati tilembe tokha za ife eni. Ndinaikamo ndi kakuti Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005 ngati chikhalidwe cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, kudzionetsa kuwerenga. Sipanathe ola, amalume anandiimbira, osati pagulu, pambali. Mawu awo anali ofatsa. Anati mayi, za pabwalo lembani, ng'oma, fumbi, amayi oimba, ana othawa, zimenezo ndi za aliyense. Koma pagulu pano pali anyamata olowa ndi osalowa, mukati fotokozani, wina afotokoza mopitirira kuti aoneke wodziwa, ndipo za kudambwe sizijambulidwa pa foni. Ndinalibe choyankha. Komanso pali awiri a mpingo amene sanafune nkomwe kuukhudza mutuwo. Ndinauchotsa nkuika wina, "phokoso limene mumamva Loweruka madzulo muli m'nyumba." Chodabwitsa, atatu analembabe za ng'oma, koma zomvekera patali, kudzera pa windo.

Tsiku 15 mpaka 17

Kalata. Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene ntchito yonseyi yandionetsa nkhope yake.

Mutu unali wakuti lembani kalata imene munthu wa m'banja mwanu akanalemba chaka choyamba atafika kuno, yopita kumudzi. Lamulo: musapeke, kafunseni. Amene alibe wamkulu m'nyumba akafunse kutchalitchi kapena kumzikiti kapena ku sosaite ya maliro, akuluakulu sasowa kumeneko.

Ine ndili ndi bambo anga m'nyumba, nde ndinati zanga zaphweka. Ndinawapeza pakhonde madzulo ali ndi kawailesi kawo kamene amamangirira batire ndi labala, amadikira nthawi imene National FM imalankhula Chichewa, ikakwana aliyense akhale chete. Bambo anabwera kuno mu 1961, nthawi ya chitaganya chija cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene chinayamba mu 1953 nkutha mu 1963. Iwo sati Harare mpaka lero, amati Halale, mmene ankanenera kumudzi kalelo, ngakhale mzindawu pa mapepala unali Salisbury mpaka 1982. Ena ankabwera polembedwa ndi Mthandizi, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za kuno, iwo anadziyendera okha ndi anzawo atatu kudzera ku Tete, mlatho wa pa Zambezi kunalibe nthawi imeneyo. Anayamba pa famu ya fodya, kenako ukhukhi kumayadi. Zonsezi ndinkazidziwa kale, amazinena Khirisimasi iliyonse. Chimene sindinafunsepo chibadwire ndi chakuti kodi makalata ankalemba?

Anaseka. Akuti iwo kulemba ankangodziwa dzina, makalata ankawalembera mkulu wina wa mpingo Lamulungu akaweruka, anthu kuima pamzere ngati kuchipatala, ndipo kalata iliyonse inkayamba chimodzimodzi moti mkuluyo ankalemberatu chiyambicho asanafunse kanthu. Ndinati tanenani ndilembe. Anakhala tsonga, kukonza kolala ya malaya, mawu nkusintha kukhala a munthu wina:

"Okondedwa amayi, ndakondwa kupeza mpata uno wakuti ndikulembereni. Kuno ine ndili bwino, kaya inu kumeneko. Ntchito ndinaipeza yabwino. Ndatumiza bulangete limodzi ndi nsalu ziwiri kudzera kwa mwana wa kwa amfumu. Chaka chamawa ndibwera ndi njinga."

Ndinafunsa kuti ntchitoyo inalidi yabwino? Anandiyang'ana ndwii. Akuti iwe, kalata ya mtchona siinena za munthu, imanena za bulangete. Ukanena kuti ukugona anthu asanu ndi atatu m'kachipinda, kapitawo akukutukwana m'Chilapalapa, amayi ako atani nazo kumudzi, adye? Ndiponso mkulu wa mpingo akumva, anzako pamzere akumva.

Ndiye ndinati chabwino, nanga ija simunatumize, mukanati mulembe panokha popanda womva? Anakhala chete nthawi yaitali mpaka ndinaganiza kuti ndawalakwira. Wailesi ikungolira. Kenako anayamba, osakonza kolala ulendo uno. Sindiika zonse pano, si zanga. Muli za chisanu cha mwezi wa June chimene sanachiyembekezere, kuti bulangete anatumizalo linali lawo lomwe, iwo nkumafunda masaka a fodya. Muli za njinga imene inagulidwa ndithu koma inagulitsidwanso. Pena ankati fufuta pamenepo, ine nkufufuta, patapita kanthawi ati bwezera. Amayi awo anamwalira iwo ali kuno, uthenga unafika maliro ataikidwa kalekale, ndipo kuyambira pamenepo "chaka chamawa" chija anasiya kuchilemba. Kope langa tsamba limenelo lili ndi mizere yofufutafufuta ngati munda wolimidwa ndi mwana.

Mmawa mwake ndinasintha mutu kwa onse: makalata awiri, yotumizidwa ndi yosatumizidwa. Mphindi 15 zija zinatayidwa, anthu anatenga masiku atatu ndipo sindinawafulumizitse. Mtsikana wa "ndimagona" uja anakhala ndi agogo ake aakazi maola awiri, akuti nkoyamba kucheza nawo nthawi yaitali chotero popanda kutumidwa kanthu. Amalume analemba yawo yosatumizidwa yopita kwa malemu bambo awo, yokhudza chitupa cholembedwa kuti alien pamene munthu unabadwira pa Mbare pompa, mmene lamulo la unzika la 2001 linawasiyira anthu ambiri a makolo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique m'malere, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 anadzatsegulako khomo. Analemba mosakweza mawu, ngati akupereka lipoti la kumunda, ndipo nchifukwa chake inapweteka.

Ndabwerera kukawerenga za tsiku 1 zija za nyanja ndi chambo. Anthu omwewa, manja omwewa.

Tsiku 19

Mkangano. Pagulu pathu pali asisi ena amene anabwera kuchokera ku Lilongwe zaka zochepa zapitazi chifukwa cha ntchito, Chichewa chawo chosalala, cha pa wailesi. Lero atenga zithunzi za makope a anzawo nkuzungulizazunguliza ndi chofiira: kuremba, Marawi, munhu, mhepo, sadza. Pansi nkulemba kuti tiyeni tilembe Chichewa chenicheni. Sanalakwe pa malamulo, r amabwera pambuyo pa e ndi i, kwina konse ndi l, nchifukwa chake timati kulira, kulemba, ndipo ndi munthu, mphepo. Ana a kuno amaika r paliponse chifukwa kalembedwe ka Chishona kamene anaphunzira kalibe l. Koma mmene anachitira muja, amayi a ku Mabvuku sanatumize kanthu usiku umenewo, mnyamata wa ku Epworth nayenso zii.

Liwu lakuti chenicheni ndi limene linandiwawa. Chenicheni cha kuti? Dzina lakuti Chichewa ku Malawi linakhazikitsidwa mu 1968, kale m'mabuku chinkatchedwa Chinyanja, ndipo ku Zambia ndi ku Mozambique mpaka pano ndi Chinyanja, aliyense ndi kakomedwe kake. Kunonso Chewa chili pa mndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka m'malamulo a dziko a 2013, sichinalowe mozemba pa chipata cha malire cha Nyamapanda. Bambo anga akhala kuno zaka zoposa 60, akati "ndipatse mari ya chingwa" ndiwazungulize ndi chofiira?

Komabe ndisanamizire, asisiwo ali ndi mfundo. Ngati tidzasindikize kabuku, wa ku Dedza akawerenga kuremba adzapunthwa, ndipo anawo eni ake akufuna kudziwa kalembedwe koyenera, anandiuza okha. Nde tagwirizana chonchi: pakati pa sabata palibe kukonza za mnzako. Lamulungu lokha, ndipo kwa yekhayo amene wapempha. Tikonza masipelo, l ndi r, nth ndi mph. Mawu a Chishona amene munthu amalankhuladi kunyumba kwake akhale, sadza ikakhala m'kamwa mwa hwindi ndi sadza. Asisiwo ndawapatsa udindo wa Lamulunguwo, avomera, kaya mokondwa kaya ayi.

Tsiku 20

Amayi a ku Mabvuku abwerera. Atumiza ndakatulo ya tsache, pamwamba palibe "pepani". Wa ku Epworth sanabwerebe.

Tsiku 21

Nthano, ndipo pa pepala zinafa zonse. Padangotero, kenako mzere wotsatira munthu kudzilembera yekha tili tonse, zomvetsa chisoni ngati kudziimbira wekha nyimbo ya tsiku lobadwa. Nthano imafuna wovomera. Nde poti linali Lamulungu, tikuchokera ku mapemphero, ena ku CCAP ena kwina, asanu anabwera kwathu tinakhala kuseri pa mkeka, aliyense kunena yake pakamwa, wina akujambula mawu pa foni, kulemba pambuyo. Kusiyana kwake! Ponena pakamwa munthu amabwereza katatu osachita manyazi, amaika kanyimbo pakati, amasintha mawu akafika pa Fisi. Polemba zonsezo anazidula poganiza kuti nzachibwana. Ya achimwene inali ya Kalulu wogulitsa malo amodzi kwa nyama zitatu ku Epworth, aliyense ndi kapepala kake ka chidindo. Bambo anali pakhonde ngati sakumva, koma itatha anakuwa okha kuti kaphuleni mbatata, akuluakulu tonse kuti yapserera, ana kumangoyang'anana kuti mbatata yake iti.

Tsiku 23

Pamene tafika. Mwa anthu 9, olemba mokhazikika ndi 7. Mmodzi anasiya sabata yoyamba, akuti bandulo ikumuthera pa zithunzi, ndamuuza kuti azingobweretsa kope ku shopu ndizijambula ndekha. Wa ku Epworth ndinamuimbira, akuti sanakwiye, wapeza ganyu ya zomangamanga akumafika atatopa, koma anafunsa kuti mutu wa makalata uja ungalembedwebe? Ndati ulibe tsiku lotsekera.

Mitu imene ndinakonza pachiyambi ndataya pafupifupi theka, yonse ija ya mawu akuluakulu, Ufulu, Chikondi, Tsogolo. Yotsalayi ndikuisintha kuti uliwonse uzimutuma munthu penapake, kukhitchini, pa renki, kwa agogo. Mawa ndi nyimbo ya pamtondo, ngakhale mwa tonsefe palibe ali ndi mtondo, nde ndati apite kuchigayo akamvere zimene amayi amadandaula pamzere, azisandutse nyimbo ya mizere inayi yobwerezabwereza. Kenako miyambi, kutenga wakale nkuupezera nkhani ya lero imene ukukanika kugwira ntchito. Chimangirizo ndachiika kumapeto poti ndi chimene aliyense akuchiopa.

Za kabuku, abwana alola kuti ndigwiritse ntchito makina Loweruka masana ndikagula mapepala anga, masamba 24 opinda pakati, sitepula ziwiri. Makalata osatumizidwa salowamo pokhapokha mwini wake atanena yekha.

Dzulo usiku bambo anandifunsa kuti kalata ija ndinatumiza? Ndinati iti, yopita kwa ndani, poti agogo kulibe. Akuti mng'ono wawo wamkazi alipo ku Ntcheu, amawerenga. Nde ndiikopere bwino pa pepala loyera, zofufuta zija ndisiye mmene anabwezeretsera, ndipo Lachisanu ndipite ku Roadport ndikaone ngati pali wodziwika wokwera basi ya ku Blantyre amene angakaisiye pa Mwanza kwa msuweni wathu. Ndawauza kuti ndingoijambula nkutumiza pa foni lero lomwe, akana. Akuti ipite mu envulopu, ndipo ndigulenso bulangete.